Wokonda Nyimbo ndi Wodziwa Nyimbo: Kodi Katswiri Ndani?

Zaka zingapo zapitazo, nditangoyamba kumene ntchito yauphunzitsi, ndidapemphedwa kukhala mmodzi mwa oweruza atatu pa mpikisano wa magule a makolo umene sukulu za m'dera lathu zidakonza. Za magule ndidali ndisanaphunzirepo kanthu. Chimene chidandipezetsa mpando umenewo ndi mbiri imene ndidali nayo yakuti m'nyumba mwanga nyimbo sizizima, ndiponso kuti palibe woimba wotchuka amene dzina lake likadandisowa. Ine ndemwe ndinkaikhulupirira mbiriyo, choncho ndidavomera mosanyinyirika, n'kutenga cholembera changa monga munthu wodziwa chimene akukachita.

Mwa magulu amene adavina chimtali tsikulo, awiri ndiwo adafika kumapeto. Gulu loyamba lidavala nsalu zatsopano zofanana, ng'oma zake zidalira mogonthetsa m'khutu, ndipo amayi adaimba nthungululu mpaka fumbi lidakwera. Gulu lachiwiri lidali la atsikana ovala nsalu zobwereka, ndipo ng'oma zawo zidalira modekha. Chikho tidachipereka kwa gulu loyamba. Anthu atayamba kubalalika, mtsikana amene ankatsogolera nyimbo m'gulu logonjalo adadza kwa ine, nagwada, nati, "Aphunzitsi, tiuzeni pamene talakwitsa kuti chaka chamawa tidzakonze." Ndidatsekula pakamwa, koma mawu adandithawa. Malikisi ndidapereka ndine, koma chifukwa chake sindidachidziwe.

Pafupi pomwepo padali agogo ena amene tsiku lonse adakhala pambali pa kamoto akuwothetsa ng'oma za ana kuti zikungike. Iwowa adandikodola, nati motsitsa mawu, "Aphunzitsi, musakhumudwe nane, koma lero mwaweruza ndi maso. Ng'oma yaing'ono ya aja mwawapatsa chikhowa inazizira gule ali pakati, liwu lake n'kutsika kukalowa m'liwu la yaikulu, ndipo ziwirizo zimalira ngati imodzi. Mnyamata wa ng'oma yaikulu atamva nthungululu anayamba kuthamanga, mapazi a atsikana n'kumamutsatira m'mbuyo. Aja mwawagwetsawa, woimba ng'oma wawo maso ake anali pa mapazi."

Ine ndi agogowo tidakhala pa bwalo limodzi, pa dzuwa limodzi, ndipo ng'oma zimene zidalowa m'makutu mwawo n'zomwezo zidalowa m'makutu mwanga. Nanga bwanji iwo adamva zimene ine sindidamve? Funso limeneli ndilo mutu wa nkhani yathu lero, ndipo si funso lachabe. Achinyamata ambiri amene atsiriza sukulu amalakalaka ntchito ya pa wailesi, ya m'nyumba zojambulira nyimbo kapena yotsogolera kwaya. Ifenso aphunzitsi timapatsidwa kwaya kapena gulu la magule kaamba kongooneka kuti timakonda kuimba. Tikasokoneza kukonda ndi kudziwa, amene amavutika ndi ana onga mtsikana uja, amene adagwada kupempha nzeru kwa munthu wopanda chomuuza.

Tisanapite patali, tivomereze kuti wokonda nyimbo si munthu wonyozeka. Popanda iye bwalo likadakhala lopanda anthu, ndipo woimba akadagona ndi njala. Iye ndiye amagula nyimbo, amalipira pakhomo, amaloweza mawu ndi kuwaimba ali kumunda kapena m'basi. Akanena kuti nyimbo yakuti yamugwira mtima, palibe angamutsutse, pakuti mtimawo ndi wake. Vuto limayamba pamene iye achoka pa mawu akuti "nyimboyi ndaikonda" n'kufika pa mawu akuti "nyimboyi yaimbidwa bwino". Mawu oyambawo ndi umboni wa mtima wake. Achiwiriwo ndi chiweruzo, ndipo chiweruzo chimafuna zifukwa. Tsono tiyeni tione zizindikiro zimene tingadziwire munthu amene zifukwazo ali nazo.

Chizindikiro choyamba ndi khutu lotha kupatula. Wokonda nyimbo amaimva nyimbo yonse pamodzi monga mmene munthu wanjala amadyera ndiwo: akudziwa kuti zakoma, koma sangakuuzeni kuti mwalowa nsinjiro zingati kapena kuti mchere udathiridwa nthawi yanji. Katswiri amatha kusiya zonse n'kutsatira ng'oma imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kenaka n'kubwerera kukatsatira liwu la wotsogolera, kenaka la ovomera, ndipo pomaliza amamva mmene zonsezi zikulumikizirana. Agogo aja adamva ng'oma ziwiri pamene ine ndidamva phokoso limodzi lokoma.

Kupatula kumeneku n'kovuta koposa mmene timaganizira, chifukwa khutu limatinamiza. Cha m'ma 1960 Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Vienna m'dziko la Austria, adakaphunzira kuimba amadinda ku Kampala kwa katswiri wa Abaganda dzina lake Evaristo Muyinda. Amadinda ndi choimbira cha matabwa 12 chofanana ndi mangolongondo athu. Oimba awiri amakhala moyang'anizana, ndipo wina amamenya thabwa lake m'mipata imene mnzake wasiya, mothamanga kwambiri. Kubik atamvetsera zimene zidajambulidwa adapeza kuti khutu likumva timanyimbo timene palibe mmodzi mwa oimbawo adatiimba ndi manja ake: khutu lokha limasonkhanitsa mawu okwera pamodzi, otsika pamodzi, n'kupanga nyimbo zakezake. Wongomvera angalumbire kuti wamva munthu akuimba kanyimbo kakuti. Amene adagwirapo timitengo tomenyera amadziwa kuti kanyimboko kabadwira pakati pa anthu awiri.

Chizindikiro chachiwiri ndi kutha kufotokoza. Katswiri ali ndi mayina a zinthu zimene akumva, ndipo chifukwa cha mayinawo amatha kuuza wolakwa pamene walakwa. Mayinawo sayenera kukhala a Chingerezi kapena ochokera m'buku. Mkulu wa kudambwe amene amasiyanitsa mbalule ndi mpanje, nadziwa ntchito ya iliyonse m'gule wamkulu, ali ndi mawu a luso lake monga momwe mphunzitsi wa kwaya alili ndi do, re, mi. Muyeso wake ndi wapafupi. Mukamufunsa munthu kuti, "Kodi kwaya iyi yalakwitsa pati?" iye n'kuyankha kuti, "Basi sinandisangalatse," ameneyo ndi womvera chabe. Akayankha kuti, "Amuna a mawu otsika akuchedwa kulowa pa mzere wachiwiri, ndipo atsikana akupumira pakati pa liwu," ameneyo mungamutumize ana anu, chifukwa akabwerako ndi chokonza.

Pano pali mfundo imene aphunzitsi a Chichewa ayenera kuisunga. Chilankhulo chathu chimasiyanitsa matanthauzo ndi kukweza kapena kutsitsa liwu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timazilemba mofanana koma sitizitchula mofanana. Chimodzimodzinso khungu la pathupi ndi khungu la maso. Wopeka nyimbo waluso amayesetsa kuti kukwera ndi kutsika kwa nyimbo kusalimbane ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu. Pamene mawu a Chichewa akakamizidwa kulowa m'nyimbo imene idapekedwera chilankhulo china, womvera amangoona kuti penapake sipakumveka bwino, koma katswiri amatha kuloza liwu lenileni limene lapotozedwa.

Chizindikiro chachitatu ndi kudziwa kumene nyimbo idachokera. Nyimbo ili ndi makolo monga munthu. Titenge chitsanzo cha kwela. Mtundu umenewu udakulira m'makomboni a ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1950, kumene anyamata ankaimba zitoliro zachitsulo za mabowo 6 m'mphepete mwa misewu, ndipo Spokes Mashiyane adali mmodzi mwa otchuka ake. Kudzera mwa anthu opita kukagwira ntchito kummwera, mbale za galamafoni ndi wailesi, kwela idafika ku Salisbury, kumene lero timati Harare, ndiponso kuno kwathu. Anyamata awiri apachibale, Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi mwa Singano ku Chileka, adakhalako ku Salisbury ali ana, ndipo atabwerera kwawo adaisandutsa kwela kukhala yawoyawo. Wachinyamata amene lero akuona babatoni wa nsambo imodzi m'manja mwa a Madalitso Band angaganize kuti ndi chinthu chatsopano. Wodziwa mbiri amakumbukira kuti magulu a kwela adali kale ndi choimbira cha nsambo imodzi chopereka mawu otsika, ndipo chifukwa cha ichi amatha kunena chimene oimba a lero adalandira ndi chimene awonjezera okha. Munthu wosadziwa zakale amatama chobwereka ngati chatsopano, ndipo chatsopano chenicheni chimamudutsa osachizindikira.

Chizindikiro chachinayi ndi kukhala pansi pa mapazi a wina kwa nthawi yaitali. Nkhani ya a Kachamba ikutithandizanso apa. M'chaka cha 1967 Kubik uja adakumana ndi anyamatawa akuimba mu mzinda wa Blantyre. Akadafuna akadangowajambula, n'kubwerera kwawo kukalemba monga mlendo amene waona zachilendo. M'malo mwake adabwerabwera kwa zaka zambiri, nayang'anitsitsa zala ndi milomo yawo, mpaka iye mwini adayamba kuimba m'gulu la Donald. Poyang'anitsitsa motero adatha kufotokoza zinthu zimene khutu lokha silingaulule. Mwachitsanzo, woimba kwela salowetsa chitoliro m'kamwa molunjika monga adachikonzera ochipanga. Amachipendeketsa n'kuchilowetsa mkati ndithu, ndipo ichi ndicho chimapangitsa liwu kukhala lokhuthala ndi lotha kupindika. Ndiponso pali kaimbidwe ka gitala kotchedwa hauyani, dzina lochokera ku zilumba za Hawaii, kamene woimba amatsetsereza botolo pa nsambo m'malo mozikanikiza ndi zala. Amene adangomva pa wailesi angakuuzeni kuti gitalayo ikulira ngati munthu. Amene adakhala pafupi angakuuzeni chimene chikuiliritsa. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa.

Tsono tifunse: pakati pa mzungu wa ku yunivesite ndi anyamata a ku Chileka, katswiri adali ndani? Yankho n'lakuti onse, aliyense m'njira yake, ndipo wina sakadafika patali popanda mnzake. Buku lotchedwa Malawian Music: A Framework for Analysis, limene Yunivesite ya Malawi idasindikiza ku Zomba mu 1987, lili ndi dzina la Kubik pamodzi ndi mayina a omuthandiza, Moya Aliya Malamusi, Lidiya Malamusi ndi Donald Kachamba. Chaka chomwecho Daniel adamwalira. Mu 1999 Donald, amene adayamba kuliza chitoliro ali mwana, adaitanidwa kukaphunzitsa pa Yunivesite ya California ku Los Angeles, ndipo ophunzira a kumeneko adakhala pansi kumumvera. Iye adamwalira mu 2001. Tikuona apa kuti pali katswiri wa manja ndi katswiri wa cholembera, ndipo chimene chimawagwirizanitsa n'chakuti onse awiri amadziwa mmene nyimbo imapangidwira m'kati mwake. Satifiketi ndi umboni wakuti munthu adaphunzira, ndipo tisaipeputse, koma si khomo lokhalo. Malemu Allan Namoko wa ku Thyolo adali wosaona ndipo sakadatha kuwerenga nyimbo yolembedwa papepala, komabe ndani angayerekeze kunena kuti banjo sankaidziwa?

Chizindikiro chachisanu, chimene ndi chovuta koposa zonse, ndi kuyeza nyimbo ndi muyeso wake womwe. Apa ndi pamene ophunzira amagwa kawirikawiri. Ambiri a ife tidaleredwa ndi do, re, mi, njira imene m'busa wa ku England, John Curwen, adaifalitsa m'zaka za m'ma 1800 ndipo idafika kuno ndi amishoni. M'njira imeneyi masitepe ochokera pa do wapansi kufika pa do wapamwamba ndi 7, koma si ofanana: kuchokera pa mi kufika pa fa, ndi kuchokera pa ti kufika pa do, sitepe yake ndi theka la zinazo. Ulimba wa kuchigwa cha Shire nawonso uli ndi masitepe 7, koma amisiri ake amawachuna kuti akhale pafupifupi ofanana onse. Munthu amene khutu lake lidazolowera piyano akamva ulimba angafulumire kunena kuti wasokonekera. Wasokonekera ndi iyeyo, chifukwa wayeza ufa ndi mita. Katswiri amayamba wafunsa kuti eni ake nyimboyi amafuna chiyani, ndipo akatero amaweruza ngati chofunacho chakwaniritsidwa.

Kuchokera pa mfundo yomweyi, katswiri amatha kulekanitsa chimene iye amakonda ndi chimene chachitidwa bwino. Angathe kunena kuti, "Ine mtundu uwu wa nyimbo sundikoka, koma mnyamatayu wauimba mwaluso," kapenanso kuti, "Nyimboyi ndimaikonda chifukwa imandikumbutsa malemu mayi anga, koma kunena zoona woimbayo mawu akumuthawa." Wokonda nyimbo zimamuvuta kunena mawu otere, chifukwa kwa iye kudzudzula woimba amene amamukonda kuli ngati kunyoza mbale wake. Mikangano yambiri imene timaimva m'mabasi ndi m'zipinda za aphunzitsi, yakuti woimba wakuti aposa wakuti, imatha popanda wogonja chifukwa aliyense akuteteza chikondi chake, ndipo palibe amene watchulapo kanthu kamene anzake angakamvetsere n'kutsimikiza.

Masiku ano chinyengo chakula chifukwa nyimbo zapezeka mosavuta. Makolo athu ankadikira pulogalamu ya pa wailesi kapena kusunga ndalama kuti agule mbale imodzi, ndipo mbale imodziyo ankaimvera mpaka kuidziwa mbali zonse. Lero mwana wa Fomu 2 ali ndi nyimbo zikwizikwi m'foni, amadziwa tsiku lobadwa la woimba ndi galimoto imene amayendera, ndipo anzake amamutcha katswiri. Kudziwa za woimba ndi kudziwa nyimbo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kusonkhanitsa kumasanduka ukatswiri pokhapokha pamene wosonkhanitsayo asamala. Hugh Tracey, amene adajambula nyimbo m'dziko muno m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958, ankalemba dzina la woimba, malo, chilankhulo ndi choimbira, ndipo ankayeza kachunidwe ka zoimbirazo. Chifukwa cha chisamaliro chimenecho, zimene adajambula zikusungidwa ku International Library of African Music, imene iye adaiyambitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa Yunivesite ya Rhodes ku South Africa, ndipo mdzukulu wa woimba bangwe wa nthawi imeneyo angathe kumva liwu la agogo ake. Mulu wa nyimbo zopanda mbiri uli ngati nkhokwe yodzaza imene mwini wake sadziwa kuti muli chimanga kapena mapira.

Nanga wachinyamata kapena mphunzitsi amene akufuna kuchoka pa kukonda kufika pa kudziwa ayambire pati? Ulendowu sufuna ndalama zambiri. Asankhe nyimbo imodzi, aimvere kasanu, ndipo ulendo uliwonse atsatire choimbira chimodzi chokha. Ayese kuomba m'manja motsatira ng'oma yaing'ono pamene yaikulu ikulira. Adzadabwa kuona mmene manja ake akuthawira kwa yaikuluyo. Aphunzire choimbira chimodzi, kaya ndi gitala, kaligo, bangwe kapena ng'oma, ngakhale asadzafike poimba pagulu, pakuti zala zimaphunzitsa khutu. Akhale ndi kope lolembamo zimene wamva, ndipo adziletse kulemba mawu akuti "yokoma" kapena "yoipa" popanda kutchula chifukwa. Amverenso mitundu imene saikonda, kuti adziwe malamulo ake. Koposa zonse apite kwa akuluakulu a m'mudzi mwake akadali moyo, akhale pansi, afunse. Safunsa adadya phula. UNESCO idalengeza gule wamkulu ndi vimbuza kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi mu 2005, ndipo tchopa idalowa m'kaundula womwewo mu 2014, koma kaundula sangaphunzitse mwana kukunga ng'oma. Nzeru imeneyo ili m'manja mwa anthu amene chaka ndi chaka tikuwaperekeza kumanda.

Kwa akuluakulu a sukulu pempho langa n'lakuti posankha oweruza mipikisano asamangoyang'ana amene ali ndi digiri kapena amene ali ndi wailesi yaikulu. Pa tebulo la oweruza pakhale mpando wa munthu amene gule ameneyo adamuvina kapena kumuimbira ng'oma, ngakhale munthuyo sadziwa kulemba; mphunzitsi akhale pambali pake n'kumulembera. Ndipo pakhale lamulo lakuti woweruza aliyense auze gulu lililonse chinthu chimodzi chimene lachita bwino ndi chimodzi choti likonze. Amene sangathe kutero abwerere kukakhala ndi oonerera, kumene angaombe m'manja ndi mtima wonse popanda kulakwira mwana wa munthu.

Ine chikho sindikadatha kuchilanda kwa amene tidawapatsa, koma madzulo omwewo ndidamuitana mtsikana uja pamaso pa agogowo, ndipo ndidamuuza kuti wolakwa sadali iye. Kuyambira mwezi wotsatira ndidayamba kupita kwa agogowo Loweruka lililonse. Tsiku loyamba sadandipatse ng'oma. Adandipatsa ntchito yosonkha moto ndi kugogoda chikopa ndi chala kufikira nditamva kuti liwu lakwera pofunika, ndipo kanayi konse adapukusa mutu n'kundiuza kuti ndiibwezere kumoto. Mpaka lero sindidzitcha katswiri, ndipo nyimbo ndikuzikondabe monga kale, mwinanso koposa, pakuti tsopano m'nyimbo imodzi ndimamvamo zinthu zitatu kapena zinayi pamene kale ndinkamva chimodzi.

Sabata yamawa tidzakambirana za mmene mphunzitsi amene sadaphunzirepo nyimbo angayambitsire kwaya pa sukulu yake popanda kuwononga mawu a ana.